Kodi Galimoto ya Bambo Ikadali Yomweyo?

Mukamayenda m'malokeshoni akale a Harare, monga Mufakose, Highfield, Rugare, Mabvuku kapena Tafara, sipatenga nthawi kuti muone galimoto yakale itakwezedwa pa njerwa pakhomo pa munthu. Matayala anaphwa kale, utoto unasuluka, ndipo nkhuku zimausa pansi pake dzuwa likatentha. Kawirikawiri imakhala Peugeot 404 kapena 504, nthawi zina Datsun 120Y kapena Mazda 323. Mukafunsa eni khomo, amakuyankhani kuti ndi ya malemu bambo, injini inanoka, banja likuganizabe chochita. Kuganizako kumatenga zaka.

Chimene banja likuganiza chimaoneka ngati nkhani ya makaniko: kodi injini yakaleyo aiphwasule n'kuimanganso, kapena aichotse n'kuikamo ina? Ikanakhala nkhani ya ndalama zokha, bwenzi itatha tsiku limodzi ndi pensulo ndi pepala. Imavuta chifukwa pansi pake pali funso limene anthu satchula. Tikachotsa injini imene bambo ankailiza m'mawa uliwonse, kodi chotsalacho chidzakhalabe galimoto ya bambo? Ndipo ngati sichidzakhala, kodi tawalakwira?

Ine ndikuona kuti funsoli lili ndi yankho, ndipo mbali yaikulu ya yankholo ili kale m'chikhalidwe chimene agogo a anthu ambiri a m'malokeshoniwa anabwera nacho kuchokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete. Koma tiyambe taona zitsulo zenizenizo, chifukwa munthu sangaweruze mlandu wa chinthu chimene sanachitsegulepo.

Kumanganso injini, kumene amakaniko a ku Gazaland ku Highfield kapena a ku Siyaso ku Mbare amati overhaul, ndi ntchito ya masiku angapo, mwinanso masabata. Injini imatsitsidwa n'kuphwasulidwa mpaka block itatsala yokha. Cylinder head imapita kwa anthu a makina kuti akaipale ikhale yosalala ngati inapindika ndi kutentha. Crankshaft amaiyeza, ndipo ikapezeka kuti yadyeka amaipala pang'ono n'kuipezera ma bearing okhuthalirapo. Mapisitoni, maringi ndi ma gasket zimalowa zatsopano. Injini za petulo za Peugeot 404 ndi 504 zili ndi mwayi wina: mabowo amene mapisitoni amayendamo sanabooledwe mu block yeniyeniyo. Ndi ma sleeve ochita kulowetsa, ozunguliridwa ndi madzi oziziritsa, oti akatha mumazula n'kuika ena. Ndiye kuti amene anazipanga ku France ankadziwa kuti tsiku lina munthu adzazitsegula n'kuzidzutsanso. Mtundu wa 404 unayamba kupangidwa mu 1960, wa 504 mu 1968, ndipo ku Kenya anapitiriza kulumikiza magalimotowa zaka zambiri mafakitale a ku France atasiya.

Njira yachiwiri ndi yachidule. Mu msewu wa Kaguvi m'tauni, ndiponso ku Gazaland komweko, mumapezeka injini zogwiritsidwapo kale ntchito, zambiri zochokera ku Japan kudzera ku Durban ndi pa chipata cha Beitbridge. Makaniko waluso amatha kutenga ya Toyota kapena ya Nissan, n'kuwotcherera zogwirira zatsopano, n'kuigwirizanitsa ndi giyabokosi kapena kusintha ndi giyabokosi yomwe, kenako n'kukonzanso mawaya. Galimoto imadzuka msanga, nthawi zambiri imamwa mafuta ochepa, ndipo masipeya ake savuta kupeza. Choopsa n'chakuti simudziwa kumene injiniyo yayenda ndi mmene mwini wake woyamba ankaisamalira. Kunja amaitsuka n'kumawala, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsopano onani chinthu chimodzi chimene okonda njira yoyamba amaiwala. Injini yomangidwanso bwino nayo yasinthidwa zambiri. Mapisitoni ndi ena, ma sleeve ndi ena, ma bearing ndi ena. Ikamangidwanso kawiri kapena katatu pa zaka 50, chotsala cha tsiku limene bambo anaigula mwina ndi block yokha ndi nambala yolembedwa pambali pake. Choncho ngakhale banja lokhulupirika chotani ku zitsulo za malemu lasintha kale zitsulo. Kusiyana kwake n'kwakuti lina lasintha pang'onopang'ono, lina lasintha tsiku limodzi.

Funso limeneli ndi lakale kuposa galimoto. Zaka pafupifupi 1,900 zapitazo, Plutarch, mlembi wa Chigiriki, analemba za chombo cha Theseus chimene anthu a ku Athens ankachisunga. Thabwa likawola ankalichotsa n'kukhomapo lina, mpaka anzeru a kumeneko anayamba kutsutsana ngati chombocho chinali chikadali chomwecho. Mu 1655 Thomas Hobbes wa ku England anawonjezapo mfundo yovutitsa: bwanji munthu wina akanatola matabwa onse otayidwawo n'kuwalumikizanso? Zombo zikanakhala ziwiri, nanga cha Theseus n'chiti? Ife tilibe zombo zotere, koma tili ndi khasu la agogo limene lasinthidwa mpini kangapo, chitsulo chake chinasulidwanso, komabe aliyense pakhomo amati ndi khasu la agogo. Ku Mabvuku funso la Hobbes limatha kuchitika ndithu. Injini yakale imene munaitaya kuseri kwa nyumba, makaniko wina akhoza kuigula, kuimanganso, n'kuiika m'galimoto ya munthu wina. Mukaimva ikulira mumsewu, kodi mwamva galimoto ya bambo?

Anthu osunga magalimoto akale ku Ulaya ndi ku America ali ndi yankho lawo. Kwa iwo galimoto imakwera mtengo ngati nambala ya injini ndi yomweyo imene inatuluka nayo m'fakitale. Sitingawanyoze. Peugeot 404 inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo 504 inapambana mu 1975. Munthu atakhala ndi galimoto yeniyeni imene inathamanga mpikisano wotero, kuichotsa injini kungakhale ngati kung'amba tsamba m'buku la mbiri. Galimoto yotero ndi umboni, ndipo umboni susinthidwa. Koma galimoto za pa njerwa za ku Mufakose sizinagulidwe kuti zikhale umboni. Zambiri za 404 zazitali zija ndi zimene m'zaka za m'ma 1980 zinkanyamula anthu ngati ma emergency taxi, anthu atapanikizana mpaka kumbuyo, ma kombi asanadzaze misewu m'zaka za m'ma 1990. Zinagulidwa kuti zilipire fizi, zigule ufa, zinyamule odwala usiku ndi kuperekeza maliro. Kutenga muyezo wa munthu wosunga zakale n'kuuika pa galimoto yotere kuli ngati kuyeza ufa ndi lita ya palafini.

Pamenepa m'pamene mwambo wathu ukutithandiza. Achewa anakumana ndi funso lomweli kalekale, osati pa zombo, koma pa anthu. Mfumu ikamwalira, dzina lake silipita nayo kumanda. Wina amalowa dzinalo, kawirikawiri mphwake, mwana wa mlongo wake. Thupi ndi lina, mawu ndi ena, mayendedwe ndi ena, koma anthu amamuitana ndi dzina lomwe lija ndipo amamuwombera m'manja monga ankachitira ndi malemu. Chaka chilichonse mu Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, pafupi ndi Katete, pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Ambiri akhala pa mpando umenewo, koma dzina ndi limodzi. Palibe amene amati ufumuwo ndi wabodza chifukwa mtima umene ukugunda m'chifuwa cha mfumu ya lero si umene unkagunda zaka 200 zapitazo.

Koma kulowa dzina kuli ndi malamulo ake, ndipo malamulowo ndi amene akutiphunzitsa. Loyamba, olowa dzina sadzisankha okha ndipo sasankhidwa ndi munthu mmodzi. Mbumba imakhala pansi, makamaka amayi akuluakulu a banjalo. Lachiwiri, zimachitika poyera, mudzi wonse ukuona, ndipo palibe amene amanamizira kuti malemu sanamwalire. Lachitatu, wolowa dzina amasenza udindo wonse wa dzinalo, milandu yake, ana amasiye ake ndi minda yake. Akalephera zimenezi, anthu amati dzina lagwa, ngakhale magazi ake akhale enieni chotani. Apa tikuona kuti kwa makolo athu chinthu chimapitirira kukhala chomwecho chifukwa cha udindo umene chikusenza ndi choonadi chimene anthu akunena za icho. Zipangizo zake zimabwera n'kupita, monga udzu wa padenga umene timafolera chaka ndi chaka pa nyumba imene timaitchulabe kuti ya agogo.

Tikatenga malamulo atatuwa n'kupita nawo ku garaja, injini ya Toyota ikhoza kulowa dzina la galimoto ya bambo popanda manyazi. Banja likhale pansi ligwirizane. Kusinthako kunenedwe poyera. Galimoto ibwerere ku ntchito imene bambo anaigulira. Chodabwitsa n'chakuti lamulo la boma likuyenda njira yomweyi. Ku Zimbabwe buku la galimoto limakhala ndi nambala ya chassis ndi nambala ya injini. Munthu akasintha injini ayenera kukaonetsa galimotoyo kwa apolisi oona za kuba magalimoto kuti atsimikize kuti injiniyo si yakuba, kenako nambala yatsopano ilembedwe ku Central Vehicle Registry. M'kaundula galimoto imakhalabe yomweyo. Cholakwa chimayamba pamene munthu wafufuta nambala, kapena wagulitsa galimoto n'kunena kuti injini ndi ya m'fakitale pamene akudziwa kuti si yoona. Tchimo lili pa bodza, silili pa chitsulo.

Wina angaganize kuti pamenepa nkhani yatha, tonse tithamangire ku Kaguvi. Ayi, sizili choncho. Kumanganso injini kuli ndi phindu lalikulu, kungoti phindulo timalifuna pamalo polakwika. Timalifuna mu block, pamene lili m'manja mwa anthu. Boma la azungu la Rhodesia litadzilengezera ufulu pa 11 Novembala 1965, maiko anaika zilango zoletsa malonda, ndipo masipeya anasowa. Anthu anaphunzira kusula, kupala ndi kulumikiza zimene kwina akanataya. Luso limenelo linakhazikika m'malokeshoni ndipo linathandizanso m'zaka zovuta zakutsogolo, monga mu 2008 pamene ndalama ya dzikolo inasanduka mapepala. Mu 2005, pa nthawi ya Operation Murambatsvina, msika wa Siyaso unagwetsedwa pamodzi ndi nyumba ndi malo ogwirira ntchito a anthu ambirimbiri, koma amisiri anabwerera, chifukwa chimene anali nacho sichinali m'mashedi amene anagwawo.

Luso lotere limakhala ndi moyo pokhapokha likugwiritsidwa ntchito. Injini ikatsegulidwa, mnyamata wophunzira ntchito amaona ndi maso ake chifukwa chake oyilo ankatha, amaphunzira kumva ndi chala ngati chitsulo chadyeka, amaphunzira kumanga mabawuti a head motsatana bwino. Ndalama imapita kwa makaniko, kwa wopala crankshaft, kwa mayi wophika nsima pafupi ndi garaja. Injini ikangosinthidwa, gawo lalikulu la ndalama limatuluka m'dziko, ndipo mnyamata uja waphunzira kumasula ndi kumanga basi. Magalimoto a Honda Fit ndi Toyota Wish amene adzaza Harare lero ali ndi injini zoyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo zikafa ambiri amangogula ina. Lokeshoni imene yazolowera kusintha chilichonse tsiku lina idzapeza kuti ilibe munthu wodziwa kukonza chilichonse. Choncho ngati block ili bwino, masipeya enieni akupezeka, ndipo thumba likulola, kumanganso n'kwabwino koposa. Chifukwa chake ndi anthu amoyo amene akudya ndi kuphunzira pa ntchitoyo. Malemu sakumva kulira kwa injini.

Mawu akuti ngati thumba likulola ndi olemera, ndipo m'pamene mabanja ambiri amayambanirana. Tiyerekeze banja wamba. Mwana wamkulu ali ku Johannesburg, amatumiza mauthenga pa WhatsApp kuti galimoto ya bambo isakhudzidwe, idzakonzedwe ndi zipangizo zake zenizeni iye akadzapeza ndalama. Wamng'ono ali pakhomo ndi amayi, ndipo akuona kuti galimotoyo itadzuka akhoza kumanyamula tomato ndi kabichi kuchokera ku Mbare Musika m'mawa uliwonse. Makaniko wayang'ana n'kunena kuti, "Amayi, block iyi inang'ambika. Ndikhoza kuiwotcherera, koma sindingakulonjezeni kuti ifika Khirisimasi." Wamkulu uja akukumbutsa anzake kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwo ndi woona, koma mayi wake ndi amene akhala pakhonde akusowa ndalama ya mankhwala. Galimoto si mayi wa munthu. Chikondi cha pa zitsulo chimene mtengo wake akulipira ndi anthu ena n'chotchipa kwa mwini chikondiyo. Pa nkhani yotere mawu aakulu ayenera kukhala a amene akusenza zotsatira zake tsiku ndi tsiku.

Pali chifukwa china chimene funso la injini limapwetekera mabanja a machona, anthu amene anabwera kudzagwira ntchito n'kukhaliratu. Agogo awo anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi, n'kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, ku njanji ndi m'nyumba za azungu. Ana awo anabadwira ku Salisbury, zidzukulu zinabadwira ku Harare. Zambiri mwa zidzukuluzi zimalankhula Chishona kuposa Chichewa, ndipo zina sizinaonepo Dedza kapena Mangochi. Mabanja amenewa amadziwa bwino kufunsidwa ngati ndi enieni. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira m'dzikolo kwa makolo ochokera kunja anapezeka kuti si nzika, zitupa zawo zili ndi chizindikiro cha mlendo, ndipo ambiri analephera kuvota. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndi amene anavomereza kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, ndipo akukhala m'dzikomo, ndi nzika yobadwa. Akapitanso ku Malawi, ena amawaseka kuti Chichewa chawo n'chokhota. Mbali zonse ziwiri zimawayeza ndi muyezo wa munthu wosunga magalimoto akale, kufuna kuti nambala zonse zifanane ndi za m'fakitale.

Munthu amene wayezedwapo chonchi akhoza kukakamira galimoto ya bambo ndi mphamvu zonse, chifukwa ndi chinthu chimodzi pakhomo chimene palibe angachikayikire. Tiyenera kumumvetsa. Komabe moyo wake womwe ukutsutsa muyezo umenewo. Mdzukulu wa ku Tafara amene amasonkha ndalama ku bungwe la maliro limene agogo ake anayambitsa ndi anzawo, amene amalandira alendo ochokera kumudzi n'kuwagoneka pabalaza, walowa dzina la agogo ake ngakhale akulota m'Chishona. Ngati tikuvomera zimenezi pa munthu, palibe chifukwa chokanira pa galimoto.

Yatsala njira yachitatu, imene palibe amaisankha ndi pakamwa koma ambiri amaitsata: kusiya. Khutu la Mchewa likamva dzina la Siyaso limamva mawu akuti siya, ndipo pa makomo ambiri mawu amenewa ndi amene apambana. Kusiya kumaoneka ngati ulemu, chifukwa palibe wachotsa kanthu ndipo palibe angalozedwe chala pa msonkhano wa banja. Koma galimoto yoima imafa msanga kuposa yoyenda. Madzi amvula amalowa pansi pa makapeti n'kudya chitsulo, mapaipi a raba amauma, mabuleki amagwirana, makoswe amadya mawaya, ndipo maringi amamatirira ku ma sleeve ndi dzimbiri. Injini imene ikanamangidwanso chaka choyamba, pofika chaka chachisanu imakhala yongoyenera kugulitsa pa sikelo. Banja limene linaopa kusintha chinthu chimodzi limataya zonse. Zili ngati mudzi umene ukukana kulonga mfumu ina chifukwa chokonda malemu: milandu imaunjikana, minda imalandidwa, ndipo dzina limene ankaliteteza limazimirira.

Ngati banja laona kuti silingakwanitse njira iliyonse mwa ziwiri zija, ulemu weniweni ndi kugulitsa galimotoyo kwa munthu amene aiyendetse, kapena kulola kuti zipangizo zake zikadzutse zinzake zimene zikusowa chitseko, galasi kapena giyabokosi. Ndalama yake ikagula mabuku a mdzukulu, yagwira ntchito yomwe ija imene bambo ankadzukira m'bandakucha.

Choncho kwa banja limene likuganizabe, dongosolo ndi ili. Itanani makaniko wokhulupirika atsegule injini, kuti mukangane pa zimene mwaona, osati pa zimene mukuganizira. Block ikakhala yabwino ndipo ndalama ilipo, imangeninso, ndipo mwana mmodzi wa pakhomo akhale pambali pa makanikoyo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza. Ikakhala yong'ambika, kapena ngati kumanganso kukutanthauza kuti wina asiye sukulu, ikanimo ina, lembetsani nambala yake, ndipo aliyense wofunsa muzimuuza zoona. Amene akufuna chikumbutso atenge chizindikiro cha mkango cha kutsogolo kapena chivundikiro cha injini yakale akapachike m'nyumba. Chimene sitiyenera kuchita ndi kubisala kuseri kwa malemu pofuna kuthawa chisankho. Iwo anasankha zovuta kuposa izi: anasiya mudzi, anawoloka Zambezi, anaphunzira zilankhulo za eni dziko, ndipo galimoto imeneyi anaitsegula kangapo ndi manja awo pamene inawavuta. Wolowa dzina lawo ayenera kukhala ndi mtima wotha kusankha ngati wawo.